Pakati pa Dar es Salaam ndi Mbeya: basi, sitima kapena ndege?

Mukafunsa ogulitsa zitenje, nsapato ndi zikwama za amayi pa msika wathu uno wa Kasungu kuti katundu amakamuoda kuti, ambiri yankho ndi limodzi: "Ku TZ." Amayankha ngati akunena pa Chinkhoma pompa. Koma amene anafikako amadziwa kuti chovuta pa ulendowu si kuchoka kuno kukafika pa boda ya Songwe. Kumeneko ndi kwathu, ndalama tikuidziwa, minibasi ikafa timadziwa woimbira foni. Nkhani ili tsidya linalo, pakati pa Mbeya ndi Dar es Salaam, mtunda wa makilomita opitirira 800 m'dziko la eni. Apo ndi pamene munthu amasankha pakati pa basi, sitima ndi ndege, ndipo ena phindu lawo limathera pomwepo asanagulitse ngakhale chitenje chimodzi.

Ine njira imeneyi ndaiyenda katatu, osati chifukwa ndine wageni ayi. Chisiyireni sukulu ku yunivesite m'chaka chachitatu fizi itavuta, azakhali anga omwe ali ndi benchi ya zitenje anandisandutsa wonyamula zikwama komanso womasulira, poti akuti ndinapita kusukulu. Kumasulirako ndi komwe kunatipweteketsa, koma ndifika pamenepo.

Anthu akamafunsa za ulendowu amayamba ndi funso loti, "Chotchipa ndi chiti?" Kwa ine limenelo ndi funso lachitatu. Loyamba ndi lakuti mukufuna mukafike nthawi yanji, makamaka pobwerera. Lachiwiri, mwanyamula chiyani. Mukayankha awiriwa, mtengo wa tikiti umangotsatira wokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Ife Amalawi sitipita ku Mbeya kwenikweni, timangodutsa. Msewu wochokera ku Dar ukatsala makilomita khumi ndi pang'ono kuti ulowe mu mzinda wa Mbeya, pali mphambano yotchedwa Uyole. Pamenepo ndi pomwe msewu wobwera kwathu umapatukira, kudzera ku Tukuyu, kutsika mapiri a nthochi ndi tiyi, mpaka pa Kasumulu, lomwe ndi dzina la boda ya Songwe mbali ya Tanzania. Kuchokera pa Uyole ndi makilomita pafupifupi 100, maola awiri ndi theka kapena atatu pa kosita yoima pena paliponse. Maulendo onse omwe ine ndadutsa, chipata chinkatsekedwa madzulo. Ndiye mukafika pa Uyole 9 koloko usiku mwafika, inde, koma simupita kulikonse. Mulipira chipinda, mulipira bajaji yonyamula zikwama, mudya, m'mawa mulipirenso bajaji. Ndalama imeneyi siilembedwa pa tikiti iliyonse koma imachoka m'thumba lomwelo.

Tiyambe ndi basi, poti ndi yomwe ambirife timakwera.

Mabasi opita m'zigawo sakunyamukiranso pa Ubungo monga ankafotokozera akuluakulu omwe ankayenda kale. Kuyambira mu 2021 depoti yaikulu ili ku Mbezi Luis, imatchedwa Magufuli Bus Terminal, ndipo ili kunja kwa mzinda, makilomita oposa 20 kuchokera ku Kariakoo komwe timaoda katundu. Wopanda katundu atha kukwera mabasi othamanga aja amawatcha mwendokasi, omwe ali ndi msewu wawowawo kuchokera ku Gerezani mpaka ku Kimara, kenako n'kulumikiza. Koma ndi zikwama zitatu za zitenje musayese n'komwe, mudzangotukwanidwa m'chinenero chomwe simukuchimva. Makampani ambiri ali ndi maofesi mkati mwa tauni, ena cha ku Shekilango, ndipo ena amalola kukwerera pomwepo. Funsani pogula tikiti: ndikwerere pati? Funso limeneli lokha litha kukupulumutsirani ndalama ya takisi.

Pa depoti paja oitanira ndi ambiri kuposa a pa depoti ya Lilongwe, ndipo akangomva kuti ndinu mlendo amakulandani chikwama mwachikondi. Mabasi ali m'magulu, wamba ndi apamwamba, ndipo mitengo yake imaikidwa malire ndi bungwe la boma loona za maulendo apamtunda lotchedwa LATRA. Bungwe lomweli ndi lomwe limakakamiza matikiti a pa makina komanso limalondola liwiro la mabasi ndi zipangizo zomwe zimaikidwa m'basimo. N'chifukwa chake mukamva kachipangizo kakulira kutsogolo dalaivala akapitirira 80, musadabwe. N'chifukwa chakenso munthu wokulonjezani kuti basi yake ikafika ku Mbeya m'maola khumi akukunamizani. Werengerani maola 14 mpaka 16.

Maola amenewa amapita kuti? Kutuluka mu Dar kokha kumadya nthawi. Kenako pali masikelo oyezera kulemera kwa magalimoto monga a pa Vigwaza, komanso mathiraki osatha, poti msewu womwewu ndi womwe umanyamula katundu wa Zambia, Congo ndi mafuta obwera kwathu kuno. Mukadutsa Chalinze ndi Morogoro mumalowa mu Mikumi, malo osungirako nyama zakutchire, makilomita pafupifupi 50 msewu uli m'kati mwa nkhalango. Muli mahampu ambirimbiri, ndi zikwangwani zolemba chindapusa chomwe dalaivala angalipire akagunda nyama, nyama iliyonse mtengo wake. Ngati ndi masana mudzaona mbidzi, nyamalikiti, anyani, mwina ndi njovu, ulere. Azakhali anga ankagona pamenepa, ati nyama sizigula zitenje.

Kenako chigwa cha milambe cha ku Ruaha Mbuyuni komwe amagulitsa anyezi, n'kufika pa phiri la Kitonga. Amene mumaopa Chiweta, Kitonga ndi mkulu wake. Si lalitali kwambiri, koma msewu ndi wokhotakhota, mbali ina phiri mbali ina phompho, ndipo thiraki imodzi ikangofera pakona mzere wake umafika kutali. Mukakwera pamenepo mwalowa dziko lozizira: Iringa, nkhalango za paini za ku Mafinga, mphepo ya pa Makambako, kenako kutsikira minda ya mpunga ya cha ku Chimala ndi Igurusi. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700. Munthu umanyamuka ku Dar thukuta lili kamukamu, n'kukafika mano akugundana. Juzi ikhale m'manja, osati m'chikwama chomwe chili pansi pa basi.

Kudya ndi kamodzi, mphindi 15 kapena 20, pamalo omwe kampaniyo inapangana nawo. Tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chomwe amati chipsi mayai, ndi chomwe chimafulumira. Kondakitala akanena kuti "kuchimba dawa" sakunena zokumba mankhwala ayi, akutanthauza kuti amene akufuna kutaya madzi atsike msanga.

Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1990, mabasi ku Tanzania sankaloledwa kuyenda usiku. Onse ankanyamuka m'bandakucha, cha m'ma 6 koloko, n'kukafika ku Mbeya usiku. Palibe chomwe munthu ukanasankha, kugona pa Uyole kunali mbali ya ulendo. Mu Okutobala 2023 boma linachotsa chiletsocho, ndipo kwa ife zimenezi zinasintha masamu onse. Basi yonyamuka ku Dar masana kapena madzulo imakafika pa Uyole kukucha. Mwatsika, mwamwa tiyi, mwakwera kosita, dzuwa lisanafike pamutu muli pa boda. Mukathana ndi a msonkho nthawi yabwino, Karonga ili makilomita 45 okha, ndipo mutha kukagona ku Mzuzu tsiku lomwelo. Mwapulumutsa chipinda cha usiku umodzi ku Tanzania komanso tsiku lathunthu la pa benchi.

Masamu amenewa ndinawachita ndine pa ulendo wathu woyamba, ndipo ndinkadzimva kuti sukulu ija sinapite pachabe. Inali nthawi yoti kwacha yangogwetsedwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa azakhali utafota, ndipo gawo lina linali ngongole ya banki m'khonde yoyenera kuyamba kubwezedwa mwezi womwewo. Shilingi iliyonse tinkaiwerenga kawiri. Ndinapita ndekha kukagula matikiti pa ofesi ya kampani ina. Ndinanena Chingerezi changa, mayi wa pa windo anayankha Chiswahili chake, n'kundilembera pa kapepala: saa 9:00. Pakamwa ananena kuti "saa tisa." Ndinatsegula foni kuyang'ana, tisa ndi naini. Ndinati basi zatheka, ya 9 koloko usiku, ndi ya usiku ija timaifuna.

Tinagula katundu wotsala mosathamanga, tinadya, 8 koloko usiku tili pa ofesi paja ndi zikwama zathu. Mlonda anayang'ana kapepalako, n'kutiyang'ana ife, n'kuseka chapansipansi. Basi yathu inali itanyamuka maola asanu apitawo. Nthawi imeneyo inali itadutsa kale Morogoro.

Anzathu olankhula Chiswahili amawerenga maola kuyambira potuluka dzuwa. 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba, saa moja. 12 koloko masana ndi saa sita. Saa tisa ya masana ndi 3 koloko. Ndiye ola lililonse lomwe mwauzidwa m'Chiswahili, wonjezerani sikisi kapena chotsani sikisi, kapena mungoyang'ana nambala yomwe ili moyang'anizana nayo pa wotchi ya mivi. Basi ya 6 koloko m'mawa amati saa kumi na mbili. Pansi pa nambala ija mayi uja analemba mawu akuti alasiri, kutanthauza chakumasana dzuwa litapendeka, koma ine ndinkaona ngati ndi dzina la basi.

Azakhali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pa chikwama n'kunena kuti, "Iwe, ndiye ku yunivesite kuja ankakuphunzitsani chiyani?"

"Pepani azakhali, wotchi yawo ndi ina."

"Wotchi ndi ina, ndalama ndi yomweyi."

Matikiti awiri anapita. Tinalipira chipinda usiku wina mu Dar, tinagula matikiti ena a basi ya m'mawa poti ya madzulo otsatira inali itadzaza, tinakafika usiku, n'kulipiranso chipinda china. Powonjezera apo, poti ndinali ndisanadziwe za Uyole, tinapitirira mpaka mu Mbeya m'kati, m'mawa n'kubwereranso msewu womwewo. Nditawerengera kunyumba, zomwe tinataya zinali ngati phindu la zitenje makumi awiri. Mwezi umenewo chiwongoladzanja cha kubanki m'khonde azakhali anachibweza ndi ndalama yogulitsa mbuzi.

Pa nkhani ya nthawi yomweyi, kumbukiraninso kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ikamakwana 5 koloko pa Karonga, tsidya linalo ndi 6. Foni zina zimasintha zokha, zina ayi, ndipo pafupi ndi boda foni imatha kumadumphadumpha pakati pa manetiweki a mayiko awiriwa. Ndiye pali ola limodzi la boma, ndi maola sikisi a chinenero. Pogula tikiti muuzeni wogulitsayo alembe nthawi ya Chingerezi, kapena muonetseni wotchi ya pa foni alozepo ndi chala.

Basi ya usiku ili ndi mtengo wake womwe si wa ndalama. Yonyamuka 3 koloko masana imafika pa Kitonga cha pakati pa usiku, nthawi yomwe madalaivala a mathiraki atopa. Ine sindinganamize munthu kuti mtima umakhala m'malo. Chomwe ndimachita ndi kufunsa ngati basiyo ili ndi madalaivala awiri, kusankha mpando wapakati osati wakutsogolo, ndi kumanga lamba ngakhale oyandikana nawo akundiyang'ana ngati wamantha. Chikwama cha ndalama ndi pasipoti chimakhala pathupi. Ndipo chakudya kapena chakumwa chopatsidwa ndi munthu wosamudziwa, kaya akuoneka waulemu bwanji, ndimakana. Palinso mabasi ochoka ku Dar kupita ku Kyela, omwe amapatukira okha pa Uyole n'kukutulani pafupi ndi boda. Mukapeza mpando m'menemo mwachepetsa kutsitsa ndi kukweza katundu kamodzi, ndipo pomwe katundu akutsitsidwa ndi pomwe chikwama chimasowa.

Tsopano sitima. Iyi ndiyoikonda ine, ndivomereze.

Njanji ya TAZARA inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja yochokera ku China. Ndi makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi odziimira mu 1965, Kenneth Kaunda ankafuna njira yotulutsira kopa wake osadzera kum'mwera, ndipo iye ndi Julius Nyerere atakanidwa ndi mayiko a azungu anapita kwa Matchaina. Ifenso njanjiyi inatithandizapo. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'ma 1980, Malawi inatembenukira kumpoto, ndipo ndi chifukwa chake ku Dar ndi ku Mbeya kuli malo osungira katundu otchedwa Malawi Cargo Centres. Msewu womwe timadutsa ndi zitenje zathuwu unakula chifukwa cha nkhondo ya eni.

Ndinaikwera ulendo wachiwiri, ndili ndekha, popita. Siteshoni ya Mbeya ili ku Iyunga, kunja pang'ono kwa tauni mbali ya ku Tunduma. Muli magulu: fesiti kilasi ndi kachipinda ka mabedi anayi, sekondi kilasi mabedi sikisi, kenako mipando. M'zipinda zogona amuna ndi akazi amawasiyanitsa, pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Izi ndi zofunika kuzidziwa ngati mukuyenda ndi mayi wachikulire amene akudalira inu, chifukwa usiku wonse mudzakhala kosiyana.

Njanji siitsata msewu. Ikachoka pa Makambako imapatuka n'kutsikira ku Mlimba, chigawo chomwe chinavuta kwambiri pomanga, chodzaza ndi milatho ndi ngalande zoboola mapiri. Ine ndinadutsapo usiku, ndimangomva phokoso la mawilo likusintha tikalowa m'phiri. Kunacha tili m'chigwa cha Kilombero cha ku Ifakara, amayi akugulitsa mpunga, nthochi ndi nsomba pa mawindo. Dzuwa litakwera tinadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Selous, yomwe gawo lake lalikulu linasinthidwa dzina mu 2019 kukhala Nyerere National Park. Nyamalikiti zinangoima n'kumatiyang'ana. Ndinagona chogona, miyendo yotambasula, ndinadya wali ndi nkhuku nditakhala pa tebulo, ndinayendayenda. Ndinafika ku Dar ndili munthu, osati chiguduli chomwe chimatsika m'basi miyendo itatupa.

Koma sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Dar kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo ndondomekoyi imasinthasintha, choncho pamafunika kufunsa pa siteshoni sabata yomweyo. Mabedi amatha msanga. Ulendo wa Dar mpaka Mbeya pa pepala ndi pafupifupi tsiku lathunthu, usana ndi usiku, ndipo si chinsinsi kuti njanjiyi yakalamba ndipo mainjini ndi ochepa. N'chifukwa chake mu Seputembala 2024 mayiko a Tanzania, Zambia ndi China anasainirana ku Beijing, pamaso pa atsogoleri awo, mgwirizano woti ikonzedwenso. Amene amaikwera kawirikawiri amakuuzani kuti musapangane ndi munthu ola lokumana.

Ndiye onani mmene zimakhalira kwa wageni. Mwamaliza kuoda Loweruka, sitima ndi ya Lachiwiri. Masiku atatu mukulipira chipinda ndi chakudya mu Dar, ndalama yomwe ikuposa kutali kusiyana kwa tikiti ya sitima ndi ya basi. Mukanyamuka masana mukafika ku Mbeya masana a tsiku lotsatira ngati zonse zayenda bwino, ndipo kuchoka ku Iyunga kudutsa tauni yonse kukafika pa Uyole kenako pa boda, chipata mudzachipeza chotseka. Kwa ine sitima ndi yopitira, pamene manja ali lende ndipo tsiku limodzi silikupha munthu. Ubwino winanso, siteshoni ya ku Dar ili m'tauni momwe, pa mphambano ya misewu ya Nyerere ndi Mandela, kufupi ndi Kariakoo kusiyana ndi ku Mbezi. Pobwerera ndi katundu wangongole, basi.

Wina andifunsa za sitima yamagetsi yomwe timaiona pa Facebook ija. Ilipodi, inayamba kunyamula anthu mu 2024, ndipo Dar mpaka Morogoro imatenga maola osakwana awiri pomwe basi imatha anayi. Koma njanji yake ndi ina, yotambalala mamilimita 1,435 pomwe ya TAZARA ndi 1,067, ndipo ikachoka pa Morogoro imalowera ku Dodoma, osati kwathu kuno. Mutha kuikwera mpaka Morogoro n'kukagwira basi pa depoti ya Msamvu, ngati muli ndi kachikwama kamodzi ndipo mukufuna mukasimbe. Ndi mabelo ayi. Amayeza katundu ngati ku bwalo la ndege, ndipo mabasi abwino amafika pa Msamvu atadzaza kale kuchokera ku Dar.

Ndege ndiye ili ndi msampha womwe ndi ife Amalawi tokha tingagweremo. Bwalo la ndege la ku Mbeya dzina lake ndi Songwe Airport. Munthu akamva choncho amaganiza kuti akatsika ndege angoyenda pansi kukadinditsa pasipoti. Ayi ndithu. Kuderali kuli mitsinje iwiri ya dzina lakuti Songwe. Wathu ndi wa m'malire, umathira mu nyanja ya Malawi. Winawo umalowera kumpoto kukathira mu nyanja ya Rukwa, ndipo bwalo la ndege linatengera dzina kwa umenewo. Lili makilomita pafupifupi 25 kuchokera mu Mbeya, pa msewu wopita ku Tunduma, mbali yosemphana ndi kwathu. Kuchoka pamenepo kukafika pa boda ndi makilomita oposa 130. Ndege ya Air Tanzania imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kuchokera ku Dar, koma muwonjezerepo maola awiri ofika msanga pa bwalo, takisi yolowa mu Mbeya, ndi kosita ija ya ku Tukuyu yomwe siidziwa kuti mwabwera pa ndege.

Ngakhale zili choncho, ndi ndege yokha yomwe ingakuchotseni ku Dar m'mawa n'kukuolotsani boda tsiku lomwelo kusanade. Mtengo wake mutha kukwera nawo basi kanayi kapena kuposa, ndipo katundu wololedwa nthawi zambiri ndi makilogalamu 23, womwe kwa azakhali anga ndi theka la chikwama chimodzi. Imakhala ndi nzeru pamene tsiku lili ndi mtengo woposa tikiti. Mwachitsanzo amene akuthamangira galimoto kapena kontena pa doko, poti masiku aulere akatha doko limawerengera ndalama yosungira tsiku ndi tsiku. Kapena uthenga wa maliro ukakupezani muli ku Kariakoo. Kwa ife a ku Kasungu, ngati mwatsimikiza zouluka, yambani mwafunsa mtengo wa ndege yochoka ku Dar kutera ku Lilongwe. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kufika kuno ndi maola awiri osakwana, pomwe kudzera ku Mbeya mukadali ndi Tukuyu, boda, Karonga, Chiweta, Mzuzu ndi Chikangawa patsogolo panu.

Pali chinthu china chomwe amayi oyenda kawirikawiri amachita, chomwe chimasintha funso lonse. Sayenda ndi katundu. Ku Kariakoo kuli onyamula katundu omwe amamanga mabelo, kulemba dzina ndi nambala ya foni, n'kuwatumiza pa lole mpaka pa boda kapena mpaka m'Malawi muno. Mwini wake amakwera basi ndi kachikwama kam'manja. Katundu amachedwa masiku angapo, ndipo pamafunika munthu amene anzanu amugwiritsapo ntchito kangapo, osati amene wakupezani pamsewu n'kukuitanani kuti shemeji. Lisiti likhale lolemba chiwerengero cha mabelo ndi zomwe zili m'kati, ndipo mujambule belo lililonse lisanakwere. Kuipa kwake, mpamba wanu wonse uli m'manja mwa munthu wina kwa sabata. Ubwino wake, m'basi simukangana ndi kondakitala za mtengo wa chikwama chilichonse, womwe sulembedwa paliponse ndipo umakwera akangomva kalankhulidwe kanu.

Zolipira zonsezi konzekerani mashilingi. Kwacha imasinthika pa boda pokha, mukalowa m'kati palibe amene amaifuna, ndipo kuyambira mu 2025 malamulo a Tanzania akuletsa kugulitsana zinthu m'dzikomo ndi ndalama zakunja. Visa sitifunika ife, pasipoti yokha ikwanira.

Ulendo wachitatu tinapitanso awiri. Popita tinakwera basi ya m'mawa kuchokera pa Uyole, poti azakhali anakana zogona chipinda chosiyana ndi ine m'sitima ali ndi ndalama m'chiuno. Pobwerera mabelo awiri tinapereka kwa wonyamula katundu yemwe mnzawo wa benchi yoyandikana anatilozera, chikwama chimodzi cha zitenje zodula tinayenda nacho. Matikiti anakagula okha. Anaima pa windo, anavula wotchi yawo yapamkono, n'kumuuza mnyamata wogulitsayo m'Chichewa chosasakaniza kuti, "Mwana wanga, loza apa." Mnyamatayo analoza pa 4. Tinanyamuka 4 koloko madzulo, pa Kitonga ine maso ali gwa iwo ali mkonono, 8 koloko m'mawa tikumwa tiyi pa Uyole. Mabelo aja anafika pa Songwe patatha masiku asanu, ndipo wokawatenga ndinali ine, pa minibasi, ndi ndalama ya msonkho yowerengedwa kale atandimangira pa kansalu.